Miyala Isanu ndi Iwiri ya pa Nsolo

Rute anatsika minibasi pa mphambano ya kwa Mphamba dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, miyendo itachita dzanzi. Ananyamuka ku Kasungu dzulo lake, nagona pa Jenda kwa mayi wina amene amagulitsa naye zitenje, ndipo anadutsa pachipata cha malire m'mawa atangotsegula. A Haswell, oyendetsa minibasiyo, anali atamuzolowera. Anatulutsa mutu pawindo n'kumukumbutsa kuti pobwerera ku boma la Lundazi adutsa pomwepo fifitini awazi, ndipo ikapita imeneyo ndiye yapita, chifukwa Lamulungu msewu umenewu suyenda galimoto. Rute anawerengera mumtima kuti akunena fili koloko. Anasenza chikwama chake n'kulowa kanjira ka m'mapesi.

Uwu unali ulendo wachinayi, ndipo nkhani yake inali imodzi yomweyo: mwana wake Ulemu.

Rute anabwera ku Zambia ali mtsikana, kudzasoka fodya pa munda wa munthu wina. Kumeneko ndiye anakumana ndi Darius. Akwawo kwa Darius anapereka ng'ombe monga mwa mwambo wa Chitumbuka, ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, ndipo kunabadwa mwana mmodzi. Darius atamwalira, zaka ziwiri zapitazo, Rute anakhala pamudzipo mpaka anameta maliro, kenako anabwerera kwawo. Mwana anatsala. Kuno ankati ng'ombe zikalowa, mwana ndi wa kuchimuna. Ku Kasungu amalume ake ankati sanamvepo mwana akukhala wa kwina kusiya kwa mayi ake. Rute anamvetsera mbali zonse ziwiri mpaka makutu analema, ndipo palibe imene anaiona kuti ikunena zamisala.

Ulendo woyamba anapeza a Kenan, akulu ake a malemuyo, atapita kokagulitsa fodya. Wachiwiri anamuuza kuti mwana akadali wamng'ono. Wachitatu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osamanga chilichonse. Mwezi wathawu ndi pamene a Kenan anaimba foni, mawu awo ali ofooka, n'kunena kuti atopa nayo nkhaniyi. Mwanayo tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anatero, ali ndi pakamwa. Akanena yekha pamaso pa a Justina, mlongo wawo amene akumulera, kuti akufuna kupita ndi mayi ake, apite. Akapanda kunena, nkhani ithere pomwepo.

A Justina anawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, pothawa mphepo ya Juni, akuswa mtedza. Anali mayi wamtali, wouma thupi, amene ana ake onse anali atakwatiwa kutali.

"Monile, a nyina Ulemu. Mwafika?"

"Yewo, alamu. Ndafika."

Anafunsana za moyo, za mvula ya chaka chino, za mayi ake a Rute amene miyendo imawavuta. Za chimene Rute anabwerera palibe anazitchula, popeza onse ankazidziwa. Kenako a Justina anaitana, ndipo Ulemu anatulukira kukhola la nkhuku, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anagwada chapatali n'kupereka moni wa Chitumbuka, mwaulemu wonse, ngati mmene amachitira kwa mlendo wochokera kumpingo.

Rute anamasula chikwama. Munali shuga wa a Justina, diresi lachikasu, ndi nsapato zapulasitiki. Diresi linakwana. Nsapato zinakana kulowa chidendene, chifukwa Rute anagula poyerekeza phazi limene analiona mu Novembala. Mwanayo anathokoza, n'kukaika zonse m'nyumba. Potuluka anali atanyamula thabwa pamutu ndi chitini chakale cha mafuta odzola m'manja.

"Yayamba," anatero a Justina. Anafotokoza kuti aliyense wofika pakhomo pano sachoka asanasewere nsolo, kaya ndi wogula mtedza, kaya ndi mkulu wa mpingo. Iwo eni ake anali atalema nayo, msana sulola kuwerama nthawi yaitali.

Rute analidziwa thabwalo. Darius analisema kuchokera ku thabwa la ngolo imene inathyoka, nalisalaza ndi galasi la botolo losweka. Analipanga laling'ono, loyenera dzanja la mwana: mizere inayi, uliwonse wa maenje asanu ndi limodzi, ena akuya, ena osaya. Miyala anatola kudambo awiriwo, yoyerayera, yaing'ono ngati nyemba. Ulemu anaika iwiriiwiri m'dzenje lililonse, osayang'ana n'komwe, natembenuzira mizere iwiri kwa mayi ake.

Masewerawo si ovuta. Umatola miyala ya m'dzenje limodzi n'kumaponya umodziumodzi m'maenje a mbali yako, kuzungulira. Womaliza ukagwera pamene pali ina, umatolanso yonseyo n'kupitiriza. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu la mzere wam'kati, moyang'anana ndi miyala ya mnzako, wadya. Amene miyala yamuthera ndiye waluza.

Rute anaganiza kuti mwana wokondwa savuta kuvomera. Choncho atapeza mpata wodya anauzemba, n'kutola dzenje lina lopanda phindu. Anachitanso chimodzimodzi kachiwiri, kachitatu. Posakhalitsa mbali yake inali yoyera, ndipo anawomba m'manja n'kuyamikira kuti mwana wake ndi katswiri. Ulemu sanaseke. Analoza dzenje lina ndi chala, nalankhula m'Chinyanja chimene amaphunzira kusukulu.

"Apa munali kudya, amama. Munasiya dala."

"Sindinaone, mwanawe."

"Munaona. Maso yanu yanayanganapo." Anayamba kubwezera miyala m'maenje. "Muli monga a Monica a nyumba ili apo. Aluza mwamsanga kuti apite kukachapa."

A Justina anaseka pang'ono m'mphuno, n'kunena kuti malemu mlongo wawo sankamulekerera mwanayu ngakhale tsiku limodzi. Ankamudya mpaka kulira, kenako n'kumuonetsa pamene walakwitsa. Ulemu anawonjezera kuti iye anawawinapo atate ake kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo atatewo anakwiya zenizeni, mpaka anakana tiyi. Ananena zimenezi monyada, ndipo kanali koyamba kuti Rute aone mano ake, awiri akutsogolo atagweluka.

Anadya mbatata yophika, thabwa lili pambali. Foni ya Rute inkati wani koloko yadutsa. Anayesa kukamba za ku Kasungu: kuti sukulu ili pafupi ndi nyumba, kuti pamsika pali magetsi, kuti kuli msuweni wake Alinafe wa msinkhu womwewo amene amafunsa za iye. Mwanayo ankangovomera kuti eya, eya, maso ali pa chitini. Mbatata itangotha anakokera thabwa pakati.

Ulendo uno Rute anasewera moona. Zala zake zinakumbukira zimene bambo ake anamuphunzitsa ali wamng'ono, pakhonde la golosale, pamene ankawaphweketsera bawo iye ndi mchimwene wake. Anawerenga maenje, anaponya, anadya miyala inayi ya Ulemu. Dzanja linapita lokha kumapeto kwa mzere wake n'kuyamba kuiponya m'maenje ake, umodziumodzi.

Kadzanja kozizira kanamugwira pamkono.

"Mwaba," anatero Ulemu motsitsa mawu.

Rute anadabwa. Anafunsa kuti waba chiyani, popeza wadya bwinobwino. Mwanayo anati yodyedwa imalowa m'chitini, yafa, siibwereranso pathabwa, ndipo anatembenukira kwa a Justina kuti amuchitire umboni. "Ankhazi, muwauze." Ndi mmene ankawatchulira, monga Atumbuka amatchulira mlongo wa bambo. A Justina anavomera kuti kuno ndi mmene amasewerera, kuyambira kale.

Rute anayang'ana miyala iwiri yotsala m'manja mwake. Anakhala pamudzi uno zaka zisanu ndi chimodzi. Thabwa ili analiona likusemedwa, analisesa pansi pake, analichotsapo pakhonde mvula ikamabwera, koma sanakhalepo pansi n'kusewera. Nthawi zonse ankakhala ali m'chigafa kusoka fodya, kapena kumjigo, kapena kumoto. Ankaona bambo ndi mwana atawerama chapatali, akumva miyala ikulira, n'kumaganiza kuti ndi masewera omwe aja a kwawo. Manyazi amene anamugwira sanali a kutchedwa wakuba.

Anafotokoza pang'onopang'ono kuti sanabe. Kwawo mwala wodyedwa sufa. Umangosamuka, n'kuyamba kugwira ntchito mbali ya amene waudya. Ulemu anamvetsera atakwinya pamphumi ngati mmene ankachitira Darius akamawerengera mabelo a fodya.

"Manje ikabwela kwanu, ningaitengenso?"

"Ukandidya, waitenganso."

"Yonse?"

"Yonse, ndi yanga yomwe."

Mwanayo anaganiza kwa kanthawi. Kenako anakhuthula chitini, anakonzanso thabwa, n'kunena kuti asewere ya ku Kasungu. Asanatole mwala woyamba anayang'ana mayi ake m'maso. Zinaoneka kuti ankadziwa bwino chimene chinawabweretsa, ngakhale palibe anamufunsa.

"Mukaniwina, nizapita na imwe. Nikawina, nikhala."

Phokoso la makoko a mtedza linaleka. Rute anayembekezera kuti a Justina amukalipira mwanayo kuti nkhani ya akuluakulu saisewerera pa miyala. Koma iwo anapukuta manja pachitenje n'kunena ndi mawu otopa kuti, "Mwamva, mulamu. Wakamba yekha." Anawonjezera kuti a Kenan anati mwana anene pamaso pawo, ndipo wanena. Iwo sadzasintha.

Masewera a mtundu umenewu sachedwa kuyamba koma amachedwa kutha. Miyala inkapita kwa Rute, n'kubwerera kwa Ulemu, n'kupitanso. Mwanayo anagwira msanga. Kawiri konse anadya mulu waukulu n'kuuyendetsa mpaka mzere wa mayi ake unatsala maenje atatu okha okhala ndi kanthu, ndipo ankati akadya ankanena mawu a atate ake, akuti mlendo wadya nkhuku ya mwini nyumba, kwinaku akugwedeza mapewa. Rute anapezeka akuseka.  Msana unkamupweteka chifukwa cha mabampu a dzulo ndi lero, ndipo maso ankalemera, koma ankawerenga dzenje lililonse kawiri.

Chimene Ulemu anali asanazolowere n'chakuti miyala yodyedwa ikaponyedwa imatha kudyanso ina. Ankawerenga mpaka podya, n'kulekera pomwepo. Rute ankawerenga kupitirira. Pang'ono ndi pang'ono mbali ya mwanayo inayamba kuyera, ndipo mapewa analeka kugwedezeka. A Justina anali atasiya lichero n'kusendera pafupi, akuti kuti aone bwino masewera achilendowa.

Mthunzi wa nkhokwe utafika pamphasa, mwala womaliza wa Rute unagwera moyang'anana ndi dzenje la miyala isanu ndi iwiri. Anaitola. Asanaponye anawerenga: akayambira kumapeto a kumanzere, wachisanu ndi chiwiri ukagwera m'dzenje lopanda kanthu, moyang'anana ndi mulu wokhawo umene Ulemu anatsala nawo. Akadya umenewo, kwatsala timiyala tiwiri tobalalika tosatha kuchita kanthu. Masewera atha.

Anakweza maso. Milomo ya Ulemu inkagwedezeka, nayenso akuwerenga, ndipo ulendo uno anawerenga mpaka kumapeto. Sanalire. Anangokhala duu ngati mwana wodikira jakisoni. Koma dzanja lake lamanzere linali litapita kumbuyo, litagwira nsonga ya chitenje cha a Justina n'kuikulunga pachala mpaka chalacho chinatuwa.

Kutali, cha kumlatho, kunamveka hutala. A Haswell ankaliza pamenepo nthawi zonse kuti a m'midzi ayambe kuyenda.

Kuponya molakwitsa sikukanatheka, mwanayo anali ataona kale, ndipo akanamuika gulu limodzi ndi a Monica mpaka kalekale. Kuponya molondola kunali kosavuta. Diresi lachikasu linali m'nyumba, zovala zina zikanalowa m'chikwama chomwechi, a Justina anali atapereka mawu awo. Maulendo anayi, kugona pansi pa Jenda, kuyankha mafunso a amalume, zonse zikanathera pa miyala isanu ndi iwiri imeneyi. Rute anafumbata dzanja.

"Ulemu, siya thabwa, yang'ana ine. Ukufuna kupita lero?"

"Mwawina, amama."

"Sindinaponye. Ndakufunsa."

Mwanayo anayang'ana pansi. Anayamba kunena za nkhuku yake imene inali kufungatira mazira asanu ndi anayi, kuti iswa sabata yamawa, ndipo ankhazi sadziwa pamene imabisala ikatuluka. Ananenanso za mpikisano wa kwaya ya ana. Kenako zifukwa zinamuthera.

"Lelo iyayi," anatero.

A Justina analowererapo. Anati iwo sakuletsa, mawu ananenedwa pamaso pawo, ndipo ngati mulamu wawina, atenge mwana wake, pasadzakhale wonena kuti Justina anatembenuka. Ankalankhula akuyang'ana mtedza. Rute anayankha kuti akudziwa, ndipo sakuwaimba mlandu. Anati pachipata cha malire paja amadutsa mwezi ndi mwezi ndi mitolo ya zitenje imene siifunsidwa ngati ikufuna kuwoloka, ndipo sakufuna kudutsapo ndi mwana wake mwa njira yomweyo. 

Anatambasula dzanja kuti abwezere miyala m'dzenje la mwanayo. Ulemu anaphimba dzenjelo ndi chikhatho. Anati imeneyo yadyedwa kale, siingabwerere yokha. M'chitini siingalowenso, popeza akusewera ya ku Kasungu. Ndi ya amama mpaka ataiponya.

"Pitani nayo. Mukabwele nayo, muzayambile pamene apa."

"Ukudziwa kuti ndikadzaponya ndakudya?"

"Niziwa. Koma tizayambanso ina. Manje naidziwa."

A Justina anadzuka mogwira m'chiuno, nanyamula thabwa mosamala kuti miyala isasunthe. Anati alikweza pamwamba pa kabati mmene lililimu, ndipo mwina nawonso apumulako, popeza thabwa loperewera miyala silisewereka. Atafika pakhomo anaima, osatembenuka, n'kunena kuti sukulu atsekera mu Ogasiti. A nyina Ulemu adzabwere ndi nsapato zokulirapo. Mwana akaone kwa amayi ake masabata awiri, akaone msuweni wakeyo ndi magetsi akewo, ndiye adzanene yekha, popanda miyala. Iwo ndi amene akawauze a Kenan.

Hutala inaliranso, pafupi tsopano. Rute anamanga miyala ija pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Ulemu anamuperekeza mpaka pa mtengo wa mango, atanyamula chikwama chopanda kanthu pamutu, n'kumulangiza kuti asaiike m'thumba limodzi ndi makobidi, ingatayike pobweza chenji. Pomutsanzika sanagwade. Anangomugunda ndi phewa m'chiuno n'kuthamangira kukhola la nkhuku.

Rute anafika pa mphambano akupuma movutika, minibasi itayamba kale kusuntha. Kondakitala anamukokera m'kati, namupanikiza pakati pa thumba la mtedza ndi bambo wina wonyamula batire la sola. A Haswell anamuyang'ana pagalasi.

"Mwana ali kuti, amayi?"

"Ogasiti."

Anapukusa mutu n'kusintha giya, akung'ung'udza kuti msewu umenewu udzamudziwa kuposa iwo eni ake.

Mfundo ija inkamutswanya pantchafu pa bampu lililonse. Rute sanaisunthe. Anatseka maso n'kuyamba kubwereza thabwa m'mutu kuti asadzaiwale: kuyambira kumanzere, dzenje loyamba muli itatu, lachiwiri muli umodzi, lachitatu, lachinayi. Tulo tinamupeza asanafike pa lachisanu ndi chiwiri, ndipo kondakitala anachita kumugwedeza atafika pa boma.